Mmene Wophunzira Wamasewera Angakonzekerere Kulowa Timu ya Koleji ku America

Ku America masewera a m'mayunivesite ndi m'makoleji ndi nkhani yaikulu zedi, moti bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000, ndipo osewera amene khamu lonselo limabwera kudzaonerera ndi ophunzira amene Lolemba m'mawa amakakhala m'kalasi. Pa chifukwa chimenechi makochi a sukuluzi amafunafuna achinyamata aluso m'dziko lawo lomwelo ndiponso m'mayiko ena, ndipo ena mwa achinyamatawo amalipiriridwa fizi, malo ogona ndi chakudya kuti aziphunzira kwinaku akusewerera timu ya sukulu. Mwayiwu ulipodi, koma ndi wochepa, pakuti bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite ndi m'makoleji kumeneko, limanena kuti mwa ana 100 alionse ochita masewera ku sekondale ku America, pafupifupi awiri okha ndiwo amapeza thandizo la fizi chifukwa cha masewera. Chimene ndikufuna kutsindika kwa wophunzira ndi kwa makolo ake n'chakuti luso palokha silikwanira: mwana angathe kukhala katswiri pabwalo koma n'kukanidwa chifukwa anachedwa kuyamba kukonzekera, anataya mapepala a kusukulu, kapena anasaina pangano ndi kalabu asanadziwe kuti panganolo lidzamutsekera njira.

Dziwani kaye kumene mukulowera

Bungwe lalikulu ndi NCAA, limene linakhazikitsidwa mu 1906 ndipo likulu lake lili ku Indianapolis. Lili ndi sukulu pafupifupi 1,100 zogawidwa m'magulu atatu. Gulu la Division I lili ndi sukulu zoposa 350 ndipo ndi kumene kuli mpikisano waukulu ndi ndalama zambiri. Division II ili ndi sukulu pafupifupi 300, zimene kawirikawiri zimalipira mbali ina chabe ya fizi. Division III ndiyo ili ndi sukulu zambiri kuposa magulu enawo, koma siipereka thandizo chifukwa cha masewera. Wophunzira amathandizidwa chifukwa cha kukhoza bwino m'kalasi kapena chifukwa cha kuchepekedwa kwa banja lake. Kunja kwa NCAA kuli bungwe la NAIA, la sukulu zazing'ono pafupifupi 250, ndi la NJCAA, loyang'anira makoleji a zaka ziwiri, kumene munthu amaphunzira ndi kusewera kenako n'kusamukira ku yunivesite kukamaliza digiri. Ndikupemphani kuti makoleji a zaka ziwiriwa musawaderere, chifukwa fizi yake ndi yotsikirapo, malamulo olowera ndi ofewerapo, ndipo kochi wa yunivesite amakhulupirira msanga wosewera amene wamuona akupikisana ku America komweko kusiyana ndi amene wangomuona pa kanema.

Onetsetsaninso kuti masewera anu alipo m'sukuluzi. Mpira wamiyendo, kuthamanga, basketball, volleyball, tenisi ndi kusambira zonse zilipo, kwa anyamata kapena atsikana malinga ndi sukulu yake. Koma mpira wamanja, umene atsikana a ku Malawi amadziwika nawo padziko lonse, suli m'gulu la masewera a NCAA, choncho mtsikana wamtali ndi wachangu amene akulakalaka njirayi ayenera kuganizira za basketball akadali wamng'ono.

Musanaononge ndalama iliyonse, fufuzani za visa. Mu Disembala 2025 boma la America linalengeza zoletsa zokhudza visa za alendo ndi za ophunzira kwa nzika za mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kuyambira pa 1 Januwale 2026. Malamulo otere amasintha, n'chifukwa chake muyenera kufunsa ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, kumene kulinso alangizi a EducationUSA othandiza ophunzira mosalipitsa, kuti mudziwe mmene zinthu zilili pa nthawi imene mukufunsirayo. Ana a m'mabanja athu amene ndi nzika za America kapena ali ndi chilolezo chokhalitsa kumeneko sakhudzidwa ndi vutoli. Kwa enafe, kukonzekera kumene ndikufotokoza pansipa sikupita pachabe, pakuti mapepala omwewo, kanema yemweyo ndi malikisi omwewo ndi zimene zimafunikanso ku mayunivesite a ku Canada ndi a ku South Africa amene ali ndi matimu amphamvu.

Ntchito imayambira mu Fomu 1

Aliyense wofuna kusewera mu Division I kapena Division II amalembetsa pa intaneti ku ofesi yotchedwa NCAA Eligibility Center, imene imaunika maphunziro ake ndi mbiri yake yamasewera. A NAIA nawonso ali ndi ofesi yawo yotere. Ofesi ya NCAA imawerenga maphunziro kuyambira giredi 9 mpaka giredi 12, ndipo popeza kwathu pulayimale ndi ya zaka 8, zaka zinayizo zikufanana ndi Fomu 1 mpaka Fomu 4. Izi zikutanthauza kuti malikisi a mwana wa Fomu 1, amene ambiri amaona ngati alibe ntchito, amalowa m'kaundula. Division I imafuna maphunziro ofunikira 16 pa zaka zinayizo, powerenga chaka chilichonse cha phunziro ngati phunziro limodzi: anayi a Chingelezi, atatu a masamu, awiri a sayansi, limodzi loonjezera kuchokera m'magulu atatuwo, awiri okhudza mbiri ndi chikhalidwe cha anthu, ndi ena anayi oonjezera. Malikisi onsewo akawasandutsa kukhala a sikelo ya ku America, imene imalekezera pa 4.0, ayenera kufika 2.3 ku Division I ndi 2.2 ku Division II. Choncho posankha maphunziro mu Fomu 3, musathawe sayansi pofuna kupepukitsa ntchito, ndipo masamu muwalimbikire ngakhale akuvuta.

Makolo, pezani chikwama chimodzi cha mapepala ndipo musungemo lipoti la teremu iliyonse, satifiketi ya JCE, ya MSCE yochokera ku MANEB, chikalata cha kubadwa, ndi makalata onse a matimu amene mwana wasewerera. Sukulu zina zimatsekedwa, aphunzitsi aakulu amasamutsidwa, ndipo kukafuna lipoti la Fomu 2 patapita zaka zinayi ndi ntchito yowawa. Yang'anani bwino mmene dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwera pa pepala lililonse. Ngati pa satifiketi alemba Tiyamike koma pa pasipoti alemba Tiyamika, kapena pena palembedwa mwezi wa Malichi pena wa Meyi, konzetsani msanga, chifukwa wounika mapepala ku Indianapolis sakudziwani ndipo adzangoona ngati ndi anthu awiri. Za mchitidwe wochepetsa zaka kuti mwana alowe timu ya achisodzera ndinene mosabisa kuti ndi woononga: zaka za pa khadi la ligi zikasiyana ndi za pa pasipoti ndi za kusukulu, mwanayo amakayikiridwa pa zonse zimene wanena.

Mu Januwale 2023 bungwe la NCAA linasiya kufuna SAT ndi ACT, mayeso olowera ku yunivesite ku America, koma dziwani kuti pali zilolezo ziwiri zosiyana. China chimachokera ku NCAA ndipo chimakulolani kusewera; china chimachokera ku yunivesite ndipo chimakulolani kuphunzira. Yunivesite ingathe kufunabe SAT, ingathenso kufuna mayeso a Chingelezi monga TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test, ndipo kochi sangakulowetseni ngati ofesi yolandira ophunzira yakukanani.

Samalani ndi ndalama za kalabu ndi zaka zodikira

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Polembetsa mudzafunsidwa matimu onse amene munasewerera, mapangano amene munasaina, ndalama zimene munalandira, mphoto za m'mipikisano, ndiponso ngati munagwirizana ndi munthu woti azikugulitsani ku makalabu. Lamulo la Division I pa masewera ambiri lakhala loti wachinyamata angathe kusewera limodzi ndi akatswiri olipidwa asanalowe koleji, bola iye asalandire ndalama zopitirira zofunika zenizeni monga thiransipoti, chakudya, malo ogona ndi zovala zosewerera. Tsono taganizirani mnyamata wa zaka 17 amene waitanidwa ndi kalabu ya mu Super League, n'kupatsidwa ndalama yosainira, malipiro a pamwezi ndi bonasi ya masewera aliwonse amene timu yapambana. Pabanja ndi chisangalalo, ndipo n'zomveka, koma ndalama zimenezo zingachititse kuti adzaletsedwe kusewera magemu angapo ku koleji kapena akanidwe kumene. Malamulowa akufewetsedwa pang'onopang'ono, komabe musasaine chilichonse musanafunse ku Eligibility Center kapena kwa mkulu woona za malamulo pa sukulu imene ikukufunani. Khalani ndi kope lolembamo ndalama iliyonse imene mwalandira, tsiku lake ndi ntchito yake, ngakhale itakhala ya minibasi yokha.

Nkhani ya nthawi ndi yofunikanso chimodzimodzi. Kwa zaka zambiri lamulo la Division I lakhala loti wophunzira amasewera nyengo zinayi za mpikisano (masizoni anayi) mkati mwa zaka zisanu. Akamaliza sekondale amapatsidwa chaka chimodzi choti angapitirize kupikisana asanalowe koleji, ndipo pa tenisi ndi miyezi 6 yokha. Akapitirira pamenepo akusewerabe m'ligi kapena m'mipikisano yolongosoka, amayamba kudulidwa nyengo zosewera. Tsiku lomaliza sekondale amaliwerenga potengera chaka chimene munayamba Fomu 1, osati chaka chimene mwakhutira ndi mapointi anu. Kwathu n'zofala kubwereza Fomu 4 kapena kukhala zaka ziwiri zitatu pakhomo ukusewera m'ligi ya m'chigawo podikira mwayi, ndipo wachinyamata wotere akamadzalembera makochi ali ndi zaka 22 amapeza kuti mbali yaikulu ya nthawi yake yatha kale. Amene ali pamenepo ayang'ane ku NAIA ndi ku makoleji a zaka ziwiri, koma awerenge malamulo a mabungwewo paokha, pakuti ndi osiyana.

Konzani umboni wa luso lanu

Kochi amene ali ku Ohio kapena ku Texas sadzabwera pabwalo la sukulu yanu, choncho kanema ndiye adzakuyankhulirani. Kwa wosewera mpira, kanema wa mphindi zitatu mpaka zisanu ndi wokwanira, ndipo zabwino koposa zikhale koyambirira chifukwa kochi amalandira makanema ambiri ndipo sangaonere onse mpaka kumapeto. Wojambula aime pamalo okwera, foni aigoneke cham'mbali ndipo aikhazike pa chinthu cholimba kuti isagwedezeke, ajambule mbali yaikulu ya bwalo osati miyendo yanu yokha. Ikani kachizindikiro kokulozani chochitika chilichonse chisanayambe, ndipo nyimbo musaikemo. Musangoonetsa zigoli ndi njomba; onetsaninso mmene mumabwerera kudzatchinga, mmene mumalandirira mpira mdani ali pamsana panu, ndi mmene mumayendera pamene mpira uli kwa wina. Sungani masewera athunthu amodzi kapena awiri osadula, chifukwa kochi amene wachita chidwi adzapempha amenewo. Zonsezi ikani pa YouTube n'kumatumiza linki yokha.

Kwa othamanga ndi osambira nkhani ndi manambala. Nthawi yoyezedwa ndi wotchi ya pamanja siikhulupiriridwa kwenikweni, makamaka pa mitunda yaifupi, choncho yesetsani kulowa m'mipikisano yovomerezeka yokhala ndi makina oyezera nthawi, imene zotsatira zake zimasindikizidwa. Kenako tsegulani tsamba la TFRRS, limene limasunga zotsatira za othamanga a m'makoleji a ku America, ndipo muyerekeze nthawi yanu ndi ya othamanga a pa sukulu imene mukuifuna. Manambalawo adzakuuzani mosakondera gulu limene mukuyenera.

Lembani ndinu, musadikire kupezedwa

Lembani mndandanda wa sukulu zambiri ndithu, zochepa zikhale zapamwamba zimene mumalota, zambiri zikhale zolingana ndi msinkhu wa luso lanu ndi malikisi anu. Pa tsamba la timu iliyonse pali mayina a osewera, kwawo ndi chaka chimene ali. Werengani kuti ndi angati ochokera kunja kwa America, chifukwa kochi amene ali nawo kale amadziwa za mapepala ake, ndipo onani ngati osewera pamalo anu akumaliza sukulu chaka chimene inu mukufuna kulowa. Onaninso ngati sukuluyo ili ndi maphunziro amene mukufuna.

Kalata yopita kwa kochi ikhale yaifupi ndipo itchule dzina lake ndi la sukulu yake molondola. Munenemo dzina lanu, dziko lanu, chaka chomaliza sekondale, malo amene mumasewera kapena nthawi zanu, kutalika ndi kulemera kwanu, malikisi anu, linki ya kanema, nambala yanu ya ku Eligibility Center, ndi mmene angapezere kochi wanu wa pano. Onjezani chiganizo chimodzi chosonyeza kuti timu yawo mwaifufuza. Lembani nokha pa imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni, osati makolo kukulemberani, ndipo dzazaninso fomu ya ofuna kulowa timu imene imakhala pa tsamba lawo. Pakapita milungu iwiri kapena itatu lembaninso, makamaka mukakhala ndi chatsopano choti munene.

Kusayankhidwa sikutanthauza kukanidwa nthawi zonse. Pa masewera ambiri a Division I, kochi saloledwa kuyamba kukambirana nanu mpaka pa 15 Juni chaka chimene mukumaliza giredi 10, kumene kwa ife ndi chakumapeto kwa Fomu 2, ndipo pa masewera ena tsikulo ndi 1 Seputembala. Inu mukhoza kulemba nthawi iliyonse. Akakupemphani kuti muyankhulane pa kanema, kumbukirani kuti nthawi ya ku New York imatsalira ndi maola 6 kapena 7 poyerekeza ndi ya ku Malawi, malinga ndi nyengo, ndipo pezani malo a netiweki yabwino nthawi isanakwane. Chotsaninso pa Facebook, Instagram ndi TikTok chilichonse chimene simungafune kuti agogo anu aone, pakuti makochi amafufuza kumeneko.

Pali makampani olipitsa amene amalumikiza osewera ndi makochi. Ena amagwiradi ntchito, koma palibe ngakhale imodzi imene ingakutsimikizireni malo, chifukwa wosankha ndi kochi ndi sukulu. Munthu akakuuzani kuti mulipire kaye ndipo sikolashipu ndi yanu kale, mutalikireni.

Werengani ndalama zonse musanavomere

Anthu akamva kuti mwana wapeza sikolashipu amaganiza kuti zonse zalipiridwa, koma nthawi zambiri si choncho. Chisanafike chaka cha 2025, timu ya mpira wamiyendo ya anyamata mu Division I inkaloledwa thandizo lokwanira osewera 9.9 okha, limene kochi ankaligawa pang'onopang'ono kwa gulu lonse. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wa pa mlandu wotchedwa House, umene osewera anasumira NCAA, ndipo sukulu zimene zalowa mu dongosolo latsopanoli zili ndi malire a chiwerengero cha osewera m'malo mwa malire a thandizo. Pa mpira wamiyendo malirewo ndi osewera 28. Sukulu ikhoza kulipirira onsewo, koma siikakamizidwa, ndipo malo a m'matimu ena achepa.

Funsani mtengo wonse wa chaka, kuphatikizapo fizi, chipinda, chakudya, mabuku ndi inshuwalansi ya kuchipatala. Mwachitsanzo, ngati zonse zikukwana madola 45,000 ndipo kochi akulonjeza theka, banja liyenera kupeza madola 22,500 chaka chilichonse ndi kusonyeza umboni wa kubanki woti ndalamazo zilipo. Apa ndi pamene malikisi abwino amathandiza kachiwiri, chifukwa sukulu zambiri zimaonjezera thandizo la ophunzira okhoza bwino. Funsaninso ngati thandizolo ndi la chaka chimodzi kapena la zaka zonse, chimene chimachitika mukavulala, kumene mudzagone ndi kudya pa tchuthi nyumba zogona zikatsekedwa, ndi amene adzalipire tikiti ya ndege. Dziwani kuti mbali ya thandizo yolipirira chipinda ndi chakudya imadulidwa msonkho kwa ophunzira ochokera kunja, kawirikawiri 14 pa 100 iliyonse. Musadalire ganyu, chifukwa visa ya ophunzira, yotchedwa F-1, imalola ntchito ya pasukulu pomwepo yosapitirira maola 20 pa mlungu nthawi ya maphunziro. Kuyambira mu Julayi 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama potsatsa malonda ndi dzina lawo, koma kwa wa visa ya F-1 zimenezi zingamuike m'mavuto, choncho afunse ku ofesi ya ophunzira akunja asanavomere chilichonse.

Lonjezo la pakamwa, lochokera kwa kochi kapena kwa inu, silimanga aliyense. Mu Okutobala 2024 Division I inathetsa chikalata chakale cha National Letter of Intent, chimene wosewera ankasaina polonjeza kulowa sukulu inayake, ndipo chimene chimamanga tsopano ndi pangano lolembedwa la thandizo la ndalama lochokera kusukulu. Liwerengeni lonse pamodzi ndi makolo. Musanasaine, yankhulani ndi osewera a m'timuyo, makamaka ochokera ku Africa, ndipo muwafunse za khalidwe la kochi, za kuzizira ndi za mmene amakwanitsira maphunziro pa maulendo a timu. Dzifunseni ngati mungakhalebe pa sukuluyo kochi atachoka kapena bondo litavulala, pakuti mwa osewera a NCAA osakwana awiri pa 100 alionse ndiwo amafika posewera molipidwa, ndipo kusamukira kusukulu ina, ngakhale kwafewetsedwa chikhazikitsire kaundula wa osamuka mu 2018, kumafunanso mapepala atsopano kwa wophunzira wochokera kunja.

Sukulu ikakulandirani imakutumizirani fomu ya I-20, yotsimikizira kuti yakulandirani, imene imafunika popempha visa. Ndi fomuyo mumalipira ndalama ya SEVIS (kaundula wa boma la America wa ophunzira ochokera kunja), imene yakhala madola 350 kuyambira 2019, ndi ya pempho la visa, imene yakhala madola 185 kuyambira 2023, kenako mumakayankha mafunso ku ofesi ya kazembe mutatenga mapepala onse enieni. Konzaninso khadi la katemera ndi mbiri ya kuvulala kulikonse, ndipo yezetsani magazi kuti mudziwe ngati muli ndi chibadwa cha sickle cell, chifukwa NCAA imafuna zotsatira zake munthu asanayambe zokonzekera ndi timu, ndipo chibadwachi chimapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa. Mukafika mudzafunika kulembetsa maphunziro osachepera makirediti 12 (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro amene mwatenga) pa semesita kuti visa ndi chilolezo chosewera zikhalebe zamphamvu. Matimu a mpira wamiyendo ndi a kuthamanga m'tchire amayamba zokonzekera mu Ogasiti, kunja kukutentha kwambiri, choncho pemphani kochi akutumizireni ndondomeko ya masewera olimbitsa thupi mwezi wa Meyi kapena Juni ndipo muitsatire tsiku ndi tsiku mpaka ulendo utakwana.